Mwana wa saikoloji asathere holide pa mkeka

Abale anzanga a pa msika, sabata ino ndati tisiye kaye za ndale, tikambe za ana athu a ku yunivesite amene sukulu ikatsekedwa amabwera kudzakhala nafe kuno ku Lilongwe. Mumawaona ndithu akutsika basi pa depoti ya ku Old Town, chikwama kumsana, foni m'manja. Wophunzira unamwino sasowa kolowera, amakapempha malo ku chipatala. Wa ku Bunda amapita ku munda kapena ku khola. Wa zamalamulo amakadziphatika kwa loya wina ku City Centre n'kumanyamula mafayilo. Nanga uyu wa saikoloji apite kuti? Ambiri amangothera holide yonse pa mkeka, kudzuka 10 koloko, kudikira kuti mayi abwere ndi ndiwo madzulo.

Nkhaniyi ndi yanu chifukwa fizi ya mwanayo yachokera pa benchi panu. Yachokera pa mulu wa tomato, pa belo la kaunjika, pa usipa umene mwaukhalira pa dzuwa kuyambira m'mawa. Ena mudalowa katapila, ena mudakongola ku banki mkhonde. Ndipo ngati mwanayo akuphunzira pa ngongole ya boma, dziwani kuti ndalamayo adzabweza, si mphatso ayi. Komanso masiku ano digiri payokha siitsegula chitseko. Mabwana olemba ntchito amafunsa kuti: "Udagwirapo kuti? Udachitapo chiyani?" Yankho la funso limeneli limapangidwa pa holide.

Tiyambe ndi funso limene ndimalimva kawirikawiri pa Tsoka ndi mu Malangalanga: kodi saikoloji n'chiyani? Ena amati ndi sukulu ya amisala. Ena amati mwana akaiphunzira amaona za mumtima mwa munthu ngati woombeza ula. Ayi, abale. Awa ndi maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu: momwe mwana amaphunzirira kulankhula, chifukwa chimene timaiwalira, chimene chimamugwetsa munthu m'nkhawa, momwe gulu la anthu limasinthira munthu wofatsa n'kukhala wolusa. Mu 1879 mkulu wina wa ku Germany, Wilhelm Wundt, adatsegula chipinda choyesera zinthu zotere mu mzinda wa Leipzig, ndipo ambiri amati apa ndi pomwe saikoloji idayambira kukhala sayansi. Kwathu kuno imaphunzitsidwa ku Zomba, pa koleji imene tinkaitcha Chancellor, yomwe kuyambira mu 2021 ndiyo idatsala ndi dzina la University of Malawi. Ku Mzuzu nakonso a St John of God ali ndi koleji yophunzitsa uphungu ndi chisamaliro cha odwala matenda a maganizo.

Kodi anthu otere tikuwafuna? Funsani apolisi. Iwo adalengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 adadzipha m'dziko muno, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 adali 116. Ambiri mwa iwo adali amuna, ndipo ngongole, ulova ndi mikangano ya m'banja n'zomwe zinkatchulidwa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera pa mlatho wa Lilongwe. Lamulo limene linkayendetsa nkhani za odwala otere lidali la atsamunda la mu 1948, ndipo mpaka mu 2025 ndi pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza lina latsopano. Ntchito ndiye ilipo, yochita kusefukira. Chosowa ndi anthu oidziwa bwino, oti angathe kulankhula ndi mayi wa pa msika iye n'kumva.

Tsono ine, ngakhale sukulu ndidalekera Folomu 4, ntchito ya utolankhani yandiyendetsa m'maofesi ndi m'misika mokwanira kuti ndipereke maganizo anga. Ndipo loyamba ndi ili: mwanayo abwere ku msika. Msika ndi kalasi, ndipo fizi yake kulibe.

Taonani zimene zimachitika kasitomala akafika pa benchi ya nsapato. Mnyamata wogulitsa amayamba watchula mtengo wa kumwamba, akudziwa bwino lomwe kuti sagulitsa pamenepo. Kasitomala amanenerera, amatsitsa, amachita ngati akuchoka, koma maganizo ake onse amakhala akuzungulira pa nambala yoyamba ija. Inu mumati ndi luso la geni. M'mabuku a mwana wanuyo nkhani yomweyi ilimo. Mu 1974 akatswiri awiri, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, adazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, atalikonzeratu kuti liziima pa 10 kapena pa 65. Kenako adawafunsa kuti pa maiko 100 aliwonse a m'bungwe la United Nations, a mu Africa ndi angati. Amene adaona 10 ankayankha cha m'ma 25, amene adaona 65 ankayankha cha m'ma 45. Nambala yopanda pake ya pa gudumu idakoka mayankho awo. Kahneman adalandira mphotho ya Nobel mu 2002 kaamba ka ntchito zoterezi. Mphotho ya zinthu zimene mnyamata wa pa Tsoka amachita tsiku lililonse asanadye ndi nkhomaliro yomwe!

Awiri omwewa adaonetsanso kuti kuluza kumapweteka kwambiri kuposa momwe kupindula kumakomera. N'chifukwa chake mayi amakakamira tomato wofota mpaka aole, osafuna kumugulitsa motsika kuposa momwe adapikulira, pomwe akadatsitsa masana akadapulumutsako theka la mpamba. Wophunzira akhale pambali pa mayi ake sabata ziwiri ndi kope ndi cholembera. Alembe kuti basera amaperekedwa kwa ndani, nthawi yanji, ndipo kasitomala wolandira basera amabweranso kapena ayi. Aone kusiyana kwa manenereredwe a dona wotsika m'galimoto ndi a bambo wobwera pa kabaza. Akabwerera ku sukulu adzakhala ndi zitsanzo zake, osati zongoloweza za ku America.

Ndatchula America dala. Mu 2010 akatswiri atatu a ku Canada, mmodzi mwa iwo Joseph Henrich, adalemba kuti pa anthu 100 aliwonse amene adafufuzidwa m'magazini akuluakulu a saikoloji, 96 adali ochokera m'maiko olemera a azungu, maiko amene muli anthu 12 okha pa 100 aliwonse a pa dziko lapansi. Ambiri adali ana a sukulu a m'mayunivesite. Ndiye kuti buku likamati "munthu amaganiza motere", kawirikawiri likunena mwana wa ku koleji ya ku America. Za mayi wa ku Kawale wolera ana asanu ndi zitumbuwa mulibemo. Adzazilemba ndani ngati si mwana wake yemwe?

Maganizo anga achiwiri ndi akuti mwanayo achite kafukufuku wakewake, ngakhale wamng'ono. Mitu ili mbwee. Tengani nkhani ya katapila. Akatswiri ena awiri, Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir, adalemba mu 2013 za mavenda a pa msika wa Koyambedu mu mzinda wa Chennai ku India, amene amakongola mpamba m'mawa n'kubweza madzulo ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi 5 pa 100 iliyonse, tsiku ndi tsiku. Ofufuza atawalipirira ena ngongole zawo zonse, ambiri adabwereranso m'ngongole patapita nthawi, osati chifukwa cha uchitsiru, koma chifukwa munthu wopanda kopumira akagwa m'matenda kapena maliro amathamangira komwe kuja. Adayesanso alimi a nzimbe oposa 400 ndi mafunso oyesa nzeru, asanakolole ndiponso atakolola. Alimi omwewo ankakhoza bwino atakolola, m'thumba muli kanthu. Tanthauzo lake n'lakuti kusowa ndalama kumadya malo m'mutu. Munthu amene akuwerengetsa za lendi, za tikiti ya msika ndi za fizi nthawi imodzi amatsala ndi mutu wochepa woganizira zina.

Inu zimenezi mukuzidziwa ndi thupi lanu. Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndi angati amene mpamba udasungunuka ali maso? Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika adayenda ulendo wa pansi mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Akuluakulu mukukumbukiranso Operation Dongosolo ya mu 2006, pamene mavenda adachotsedwa m'misewu. Za ndalama zimene zidatayika zidalembedwa m'manyuzi. Koma za tulo tomwe tidasowa, za mabanja amene adagwedezeka, za abambo amene adayamba kumwa kachasu m'mawa, sizidalembedwe mokwanira. Wophunzira akonze mafunso khumi, afunse anthu 20 kapena 30 amene avomera okha, asalembe maina awo, ndipo asanayambe auzeko mphunzitsi wake ndi wapampando wa msika. Akafika chaka chomaliza, pomwe aliyense amafunika kulemba kafukufuku, iye adzakhala atayamba kale.

Ndipo asathere pa msika pokha. Lilongwe ndi mizinda itatu yovala dzina limodzi. Pali Old Town ya fumbi ndi phokoso, pomwe munthu amadya chimene wagulitsa tsiku lomwelo. Pali City Centre ndi Capital Hill, komwe anthu a mataye amadikira malipiro a pa mwezi amene ena amawalandira atatha kale ndi ngongole. Ndiye pali kumayadi, ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, komwe mpanda wa njerwa ndi wautali kuposa nyumba ya mlonda. Musaganize kuti kuseri kwa mipanda imeneyo kulibe misozi. Kuli ana osokonekera ndi chamba ndi mowa, kuli maukwati ongokhalira manyazi, kuli nkhalamba zosungulumwa zomwe ana awo onse ali kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kumayadi amalira mobisa ndipo ali ndi ndalama yokaonana ndi katswiri, pomwe wa ku Mchesi amalira poyera koma alibe kopita. M'mawa uliwonse alonda, antchito a m'nyumba ndi osamalira maluwa amayenda pansi kuchokera ku Kauma ndi ku Mtandire kulowa m'mayadi, madzulo n'kubwerera. Wophunzira wa maso ayende nawo tsiku limodzi amve zimene amakamba m'njira. Adzaphunzira zambiri za ulemu, mantha ndi kupirira kuposa za m'chaputala chathunthu.

Chachitatu ndi chilankhulo. Mwana wathu amaphunzira zonse m'Chingerezi, koma wodwala wake adzabwera ndi Chichewa. Palibe mayi wa pa msika amene adzanene dzina la matenda la m'buku. Iye adzati: "Mtima ukungothamanga." Adzati: "Ndikumaganiza kwambiri." Adzati: "Thupi lonse likungophwanya, tulo osabwera." Wophunzira akhale ndi kope la mawu otere, afunse agogo, anankungwi, azibusa ndi mashehe kuti munthu wotere kale ankathandizidwa bwanji. Katswiri wathu wa saikoloji, Chiwoza Bandawe, adalemba buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology pofuna kuti maphunzirowa aime pa umunthu wathu. Limeneli ndi buku loti mwanayo alifunefune pa holide.

Anzathu a ku Zimbabwe adationetsa kale kuti zimenezi si nthano. Kumeneko dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mu mzinda wa Harare cha m'ma 2006. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Gogo amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankha limodzi, n'kupeza chochita. Mu 2016 zotsatira zidatuluka: patatha miyezi 6, mwa anthu amene adakhala pa benchi ndi 14 okha pa 100 amene adali akadali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pomwe mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali 50 pa 100. Njira imeneyi idayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Tsono ngati gogo wophunzitsidwa bwino atha kuchita zotere ndi khutu lake, mwana wa ku yunivesite alekerenji kuphunzira kumvetsera? Ayesere pa nyumba pomwe: kukhala mphindi khumi akumva mng'ono wake osamudula mawu, osamuweruza, osathamangira kulangiza. Ayese aone kuvuta kwake.

Chachinayi, agogode m'maofesi kupempha kugwira ntchito mongodzipereka. Asanatseke sukulu atengeretu kalata kwa mkulu wa dipatimenti yake, chifukwa popanda kalata mlonda wa pa geti sakudziwa. Malo alipo. A St John of God ali ndi malo awo ku Area 43. Pali chipatala cha Kamuzu Central, pali cha Bwaila chimene akuluakulu amachitchabe Bottom. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support yothandiza ochitiridwa nkhanza. Kuli ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kuli mabungwe ambiri ku City Centre ndi ku Area 47, kuli sukulu za mkaka ndi malo osungira ana amasiye. Wolimba mtima atha kufika ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kuyambira mu 1994 kumakhala anthu othawa nkhondo, ambiri a iwo ataona zinthu zosasimbika. Ndisakunamizeni, ena adzakana, ena kalatayo adzaiika m'dirowa n'kuiwala. Alembe makalata khumi, ayendere yekha, abwererenso. Akamulandira asayembekeze malipiro, ndipo akamutuma kukonza mafayilo kapena kuitana maina pa mzere asanyinyirike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza apemphe kalata ya umboni, chifukwa kapepala kameneko ndi komwe kadzamusiyanitse ndi anzake 50 ofunsira ntchito imodzi.

Chachisanu, asasiyane ndi buku. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus adaonetsa kuti zimene munthu waphunzira zimathawa msanga m'maola ndi masiku oyambirira, koma akamazibwereza modumphitsa masiku zimakhazikika. Ola limodzi tsiku lililonse liposa kuchezera usiku wonse sukulu ili pafupi kutsegulidwa. Laibulale ya National Library ili ku City Centre, ndipo kumeneko kulibe wailesi ya aneba kapena mwana wolira. Bandulo ya intaneti asathere pa Facebook ndi mpira. Bungwe la World Health Organization lidatulutsa mu 2011 kabuku kaulere ka chithandizo choyamba kwa anthu amene akumana ndi zoopsa, ndipo mfundo zake ndi zitatu: yang'ana, mvetsera, lumikiza munthuyo ndi thandizo. M'dziko limene lidaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kabuku kotere n'kofunika kukadziwa pamtima. Ndipo poti ana ambiri a saikoloji amalira ndi masamu a kafukufuku, mpatseni kope lanu la geni. Awerengetse kuti pa sabata mumagulitsa zingati, tsiku labwino ndi liti, kumapeto kwa mwezi kumasiyana bwanji ndi pakati pa mwezi. Iye aphunzira masamu, inu mudziwa komwe phindu likuthawira.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikulankhula ndi iwe mwana wa sukulu. Zaka ziwiri za ku koleji sizikukupanga kukhala dokotala. Usayambe kutchula anthu maina a matenda, kuti amalume ali ndi chakuti, aneba ali ndi chakuti. Usauze munthu kuti asiye mankhwala a ku chipatala. Usanyoze pemphero la mayi ako kapena mwambo wa agogo ako pofuna kuonetsa kuti wapita ku sukulu. Ndipo koposa zonse sunga chinsinsi. Pa msika nkhani imayenda msanga kuposa minibasi ya ku Area 25. Mayi akakuuza za m'nyumba mwake mawa n'kuzimva kwa wogulitsa makala, wathera pomwepo, ndipo waonongeranso anzako onse a ntchito imeneyi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma pali chinsinsi chimodzi chosasunga: munthu akakuuza kuti akufuna kudzichotsera moyo, usamuseke, usamukalipire, usamusiye yekha. Uza wachibale wodalirika ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati nkhani ikukhudza mwana wochitiridwa nkhanza, pali nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane imene a YONECO amayendetsa. Ntchito yako pa msinkhu uno ndi kumva ndi kulozera njira, basi.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi lakuti musamusandutse mwanayo wantchito wa pa benchi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka mdima. Ndikudziwa kuti dzanja lowonjezera limathandiza, ndipo n'koyenera kuti naye alawe thukuta limene limamulipirira fizi. Koma gawani tsiku: m'mawa akuthandizeni kupikula ndi kuyala katundu, masana mumumasule apite ku laibulale kapena kumene akudzipereka. Ya minibasi mukamupatsa musaiwerenge ngati yotayika, ndi mpamba umene mwaika mu geni ya nthawi yaitali. Mukamuona akulemba m'kope pamene inu mukunenerera ndi kasitomala, musamuthire mawu kuti akuchita ulesi. Ndipo anzanu a pa benchi yoyandikana akamamuseka kuti "uyu ndi wa sukulu ya amisala", muwafunse kuti tsiku limene mwana wawo adzasiye kudya ndi kulankhula adzathamangira kwa yani.

Kwa apampando a misika ya Tsoka, Area 25, Kawale ndi kwina konse, ana otere akabwera kudzapempha chilolezo chofunsa mafunso, alandireni. Muwafunse kalata ya ku sukulu, muwauze malire, ndipo muwalamule kuti akamaliza abwere adzakuuzeni zimene apeza, m'Chichewa, pa msonkhano wa mavenda. Ofufuza ambiri amabwera ndi magalimoto, amatifunsa, amapita, osabweranso. Athu okha asatengere khalidwe limenelo.

Holide siichedwa kutha. Amene ali ndi mwana wotere pa nyumba amudzutse mawa m'mawa, amupatse kope la masamba 80 ndi cholembera, anyamuke naye limodzi. Tikumane sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino.